Mnzanga wa nyemba: za anthu amene amatibweza mtima ukathawa

Make Tamanda: Abale a pa gulu lino mwaswera bwanji nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu chete miyezi ingapo koma lero ndati nanenso ndiyankhuleko, mundipirire ndilemba zambiri. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche nyumba yathu ku Chilobwe inapita yonse, ndipo mng'ono wanga wobadwa naye bere limodzi amene tinkakhala moyandikana sanapezeke mpaka lero. Ine ndi ana tinapulumuka poti usiku umenewo tinakagona kwa apongozi ku Zingwangwa, denga lathu limadontha kwambiri. Koma nkhani yanga si ya matopewo ayi, ndi ya zomwe zinachitika mkati mwangamu. Ine ndine wa mvano, yunifolomu ndili nayo, Lachinayi ndinkatsogolera nyimbo ndine, koma kuyambira tsiku limenelo pakamwa panga panauma. Ndikagwada mawu osabwera, Baibulo ndikatsegula ndimangoona zilembo basi, usiku mvula ikangoyamba pa malata mtima umagunda ngati utulukira pakhosi. Ku kampu anthu amabwera ambiri, ena ndi ufa ena ndi mavesi, aliyense limbani mtima amayi Mulungu ndi amene akudziwa, ine ndimangoti zikomo koma mkatimu ndimapsa mtima ndi mawu amenewo.

Amene anandibweza ndi mayi wina amene tinkagulitsa limodzi tomato, si wa mpingo wathu nkomwe, ndi wa Katolika. Titapeza kachipinda ka lendi ku Bangwe iye anayamba kubwera Lachiwiri lililonse masana atanyamula nyemba zosasankha mu jumbo. Amangofika, kuyala chitenje pakhonde, kundipatsa lichero nkumati tiyeni tisankhe. Sanandifunsepo kuti mukumva bwanji, sanandiwerengerepo vesi ngakhale imodzi, nthawi zina ola lathunthu limatha osayankhulana, akamanyamuka amangoti ndapita, Lachiwiri ndibwera. Miyezi inayi chomwecho. Tsiku lina ndili mkati mosankha ndinangoyamba kutchula dzina la mng'ono wanga nkulira, nkunena zonse zimene ndinkamuimba nazo mlandu Mulungu, zina zoti sindingalembe pano. Iye sanandiletse, anangoika lichero pansi nkundigwira dzanja. Nditatha anati inu panopa simungathe kupemphera, palibe kanthu, ndizipemphera ine m'malo mwanu mpaka mawu anu adzabwerere. Usiku umenewo ndinagona mpaka kucha koyamba chichokereni ku Chilobwe. Patapita masabata angapo ndinangozindikira ndikuimba nyimbo ya mvano ndikutsuka mbale, osadziwa kuti ndayamba liti. Ndiye ndikufunsa, enanu munakumanapo ndi munthu wotere? Nanga zimatheka bwanji kuti mtendere umene ndinaufuna ku tchalitchi osaupeza unadzandipeza pakhonde ndi lichero m'manja?

NaJere wa ku Area 25: Make Tamanda pepani kwambiri asisi, ndawerenga misozi ikutsika. Mayi ameneyo mumusunge, anthu otere ndi owerengeka.

Mkulu wa mpingo, Dedza: Amayi pepani ndi zimene munadutsamo. Nkhani yanu yandikumbutsa Yobu. Ambiri tinaloweza kuti anzake atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anali otonthoza oipa, koma timaiwala mmene anayambira. Kumapeto kwa mutu 2 anthuwa anachoka kwawo, atamuona anang'amba zovala nkukhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku popanda wonena kanthu poti anaona kuti ululu wake ndi waukulu. Pamenepo anali abwenzi enieni. Zinthu zinadzaonongeka atatsegula pakamwa nkuyamba kumuuza chifukwa chimene akuvutikira, ati uyenera kuti unachimwa penapake, ndipo pa mutu 42 amene Mulungu anawakwiyira ndi iwowo, osati Yobu amene ankadandaula mosabisa uja. Ine ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri ndipo ndivomere pano kuti pa maliro ambiri ndinayankhula msanga, ndinkaopa chete, ndinkaganiza kuti ndikapanda kupereka vesi ndiye kuti ntchito sindinagwire. Mayi wa nyembayo anachita zimene ife a maudindo timalephera.

Chisomo cha Yehova: Ine ndisiyaneko nanu pang'ono musandimve molakwa. Yeremiya 17 ndime 5 imatichenjeza za kuika chikhulupiriro mwa munthu. Munthu amasintha, lero ali nawe mawa wakutembenukira, ndiye tikayamba kuphunzitsana kuti mtendere wa mumtima umachokera kwa anzathu ndiye kuti tsiku limene mnzakoyo adzasamuke kapena kumwalira nawenso mtendere wako wapita. Amene anakuchizani ndi Mulungu amayi osati nyemba.

Make Tamanda: Achemwali sindikukana ayi, ndi Mulungu ndithu. Koma nthawi imeneyo ine Mulungu sindinkafuna kumumva, mukanabwera ndi vesi yomweyi ndikanakutsekerani chitseko, ndikunena zoona. Anadziwa yekha kuti khomo la mavesi ndatseka ndiye anadzera khomo lina. Mayiyo sanalowe m'malo mwa Mulungu, anangondigwirizira mpaka nditatha kuimanso ndekha pamaso pake.

Katekisiti wa ku Likuni: Chisomo mfundo yanu ndi yomveka koma taonani ku Getsemane. Ambuye Yesu mwini wake, amene anali pafupi ndi Atate kuposa wina aliyense, usiku umene mtima unamulemera sanapite yekha, anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane, ndipo sanawapemphe kuti amulalikire kapena kumulangiza, anangowapempha kuti akhale maso pamodzi naye. Anagona inde, katatu konse, komabe iye anawafuna pafupi. Ngati iyeyo anafuna anthu ndiye ife ndi ndani. Kwathu ku Katolika miphakati, timagulu ta mabanja achikhristu oyandikana, inalimbikitsidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1970, kuno ku Lilongwe nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, ndipo ganizo lake linali lomweli kuti mpingo usamathere pa Misa ya Lamulungu koma uzipezeka m'makomo mwa anthu, woyandikana naye adziwe kuti kwa uje kwagwa chani. Koma ndaona ndi maso anga kuti ngakhale mu mphakati wa mabanja 20 munthu atha kukhala yekhayekha, amabwera, amasonkha, amaimba, amapita, palibe akudziwa kuti sakugona. Gulu limathandiza kusenza bokosi ndi kuphika pa maliro, koma chimene chakhala pamtima munthu amachitula kwa mmodzi kapena awiri basi.

NaBanda: Mmm ine nkhani ya anzanga inandiotcha ndiye ndikamawerenga izi mtima ukungoti uku ndi uku. Banja langa litayamba kugwedezeka ndinauza mayi mmodzi amene tinkapemphera limodzi m'mawa uliwonse, ndinamuuza zonse mpaka za kuchipinda poti ndinkamutenga ngati mchemwali wanga. Sabata isanathe nkhani yanga inali pa gulu la WhatsApp la amayi ati tiwapempherere amayi ena amene amuna awo akuchita zakutizakuti, dzina sanatchule koma aliyense anadziwa kuti ndine, wina mpaka ananditumizira sikilinishoti. Miseche yovala chovala cha pemphero imapweteka kuposa miseche ya pa mjigo chifukwa sungayankhe, ukadandaula akuti timakufunirani zabwino. Ndinasiya kupita ku mapemphero chaka chathunthu. Mpaka lero munthu akandiuza kuti tiyeni tigawane zopempherera ndimayamba kaye ndamuyang'ana.

NaJere wa ku Area 25: NaBanda zimenezo zachuluka kwambiri m'mipingo mwathu ndipo sitizidzudzula mokwanira. Pepani mwana wa amayi.

Gogo NaNgozo, Ntcheu: Ana anga ndilembe pang'onopang'ono maso anafooka. Zimene akunena Make Tamanda si zachilendo, kwathu kuno amayi athu anali ndi chinjira. Njira wako sanali m'bale wako wa magazi, unkachita kusankha wekha mayi amene wamuona khalidwe lake kwa nthawi, umayamba ndi kumutumizira kanthu, kaya nkhuku kaya ufa pa mbale, iye nkubweza, amuna anu ndi abale nkudziwa kuti awa ndi pa chinjira. Kuyambira pamenepo ukadwala amabwera kudzakusinjira ndi kukutungira madzi, maliro akakugwera amakhala pambali pako m'nyumba ya siwa usiku wonse, ana ake ndi ako. Ndipo chachikulu chinali chinsinsi, za anjira ako sunkazitulutsa ngakhale kwa amuna ako. NaBanda mwana wanga, chimene chinalakwika si kuti unauza munthu, koma masiku ano mumathamanga, mwakumana mwezi uno mwezi wamawa mwakhuthulirana zonse. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, umayamba waponda madzi ndi phazi limodzi kuona kuya kwake. Muuze kanthu kakang'ono kaye udikire uone ngati kabwerere kwa iwe kudzera kwa anthu ena. Anjira anga ine anamwalira zaka 6 zapitazo, tinayenda limodzi zaka zoposa 40, mpaka lero ndikakhala ndi chinthu pamtima ndimayamba kuyang'ana njira ya kwawo.

NaBanda: Agogo zikomo, mawu awa ndawasunga. Kunena zoona alipo mayi mmodzi wa pa mpanda pathu amene nthawi yonse ija sanandifunsepo kanthu koma ankangonditumizira mwana ndi ndiwo, mwina ndi amene ndimayenera kumuona kalekale.

Bambo a Yankho, Joni: Ine ndilankhuleko za ife amuna poti pano amayi ndi amene achuluka. Ife timakhala anthu 4 chipinda chimodzi kuno koma nkhani zathu ndi Bullets ndi Wanderers, randi yafika pa zingati, ndani akupita kumudzi titumizeko katundu, basi. Munthu atha kukhala akufa mkati inu mukudya naye mbale imodzi osadziwa. Mu January 2021 bambo anga anamwalira kumudzi nthawi ya Covid ija, maboda a pansi anali otseka ndiye sindinathe kupita, maliro a bambo anga ndinaonera pa foni netiweki ikudukaduka, mwana woyamba ine. Mawa lake ndinadzuka nkupita ku ntchito ya m'gadeni ngati palibe chachitika. Ndinayamba kumwa kwambiri, ku tchalitchi ndinasiya, kunyumba akaimba foni sindinkayankha poti ndinkachita manyazi kuti sindinawaike bambo anga. Mnzanga wina wa ku Nkhata Bay, munthu wosakonda zoyankhula, anabwera Lamulungu lina ndi lezala ndi sopo, anatulutsa mpando panja nkunena kuti akulu khalani apa, kumudzi anzanu anameta kale inu simunamete. Anandimeta mpala bwinobwino ngati mmene timachitira maliro akatha, tsitsi analisonkhanitsa yekha, kenako anaphika nsima ya usipa tinadya. Ndinalira pa mpando umenewo ngati mwana anthu akudutsa, iye osanena kanthu akungopitiriza kumeta. Kuyambira tsiku limenelo ndi pamene ndinavomera kuti bambo anapita, usiku ndinaimbira mayi anga tinayankhula nthawi yaitali, ndipo Lamulungu linzake ndinapita kukapemphera. Mowa sindinasiye tsiku limodzi ayi zinatenga nthawi, koma chiyambi chake ndi lezala limene lija.

Mkulu wa mpingo, Dedza: Bambo a Yankho mwandigwetsa misozi. Mnzanuyo anakubweretserani mudzi ku Joni.

Abiti wa ku Mangochi: Asalamu alaikum nonse, ine ndine Msilamu koma nkhaniyi ndi ya tonse. Kwathu timaphunzitsidwa kuti bwenzi labwino lili ngati wogulitsa mafuta onunkhira, ngakhale usagule kanthu umachoka ndi fungo labwino, pomwe bwenzi loipa lili ngati wopemerera moto wa osula zitsulo, akapanda kukuotchera chovala umachoka ukununkha utsi. Ndimaiganizira kwambiri mfundo imeneyi chifukwa ndi zoona, pali anthu ena ukacheza nawo mphindi 10 zokha ukabwerako mtima uli phuphuphu, wayamba kudziyerekeza ndi ena, wayamba kudandaula ndi zimene ulibe, pomwe ena ukachoka kwawo umangomva kupepuka ngakhale simunakambe za chipembedzo. Komanso pa ulendo wochoka ku Makka kupita ku Madina m'chaka cha 622, Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, sanayende yekha, anali ndi Abu Bakr, ndipo m'phanga momwe anabisala adani ali pafupi anamulimbitsa mnzakeyo kuti asadandaule poti Mulungu ali nawo. Ine mwana wanga atadwala miyezi itatu swala inkandilemera kwambiri, amene ankandigogodera m'bandakucha kuti tiyeni tiswali limodzi ndi mlamu wanga, ndipo amene ankandisungira ana enawo ndikakhala ku chipatala ndi mayi wa Anglican woyandikana nane. Onse awiri ndimawawerenga kuti Mulungu ananditumizira.

Namwino wa ku Zomba: Nkhani yabwino kwambiri iyi koma ndiloleni ndiikepo mbali ya ntchito yanga chifukwa ndimaona zambiri. Bwenzi ndi mankhwala ndithu koma pena pamafika poti bwenzi lokha silikwanira. Mukaona mnzanu wadutsa masabata awiri kapena kuposa osagona, osadya, osasamba, wasiya zonse zimene ankakonda, kapena wayamba kunena kuti bola kufa, ndine mtolo kwa anthu, wayamba kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, musangoti tipemphere basi, pempherani inde koma mumuperekezenso ku chipatala. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo, kuno kuli Zomba Mental Hospital, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God. Kupita kumeneko sikutanthauza misala ayi, nkhawa yopitirira ndi kukhumudwa ndi matenda ngati bipi kapena shuga ndipo anthu amachira. Musaope kumufunsa mwachindunji kuti kodi ukuganiza zodzipha, funso limenelo silimuika munthu maganizo oipa, ambiri amapumira m'mwamba kuti pali wina waona. Ndipo chonde amene akumwa mankhwala musawasiyitse ati asonyeze chikhulupiriro, ndaona anthu akubwerera atafooka kuposa poyamba chifukwa cha malangizo amenewo. Bambo a Yankho mwachita bwino kuyankhula, malipoti a polisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri amene amadzipha kuno kwathu ndi amuna.

Mdzukulu wa ku Mbare: Ine ndinabadwira ku Harare agogo anga anachokera ku Dowa, Chichewa changa mundikhululukire. Zimene akunena anamwino zikugwirizana ndi zimene zinayambira kwathu kuno ku Mbare m'chaka cha 2006, dokotala wa za maganizo Dixon Chibanda ataona kuti madokotala ngati iye ndi ochepa kwambiri m'dziko muno anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a m'madera kumvetsera anthu, amakhala pa benchi ya matabwa panja pa kiliniki, imatchedwa Friendship Bench. Munthu amene ali ndi zimene Ashona amati kufungisisa, kapena kuti kuganiza kwambiri, amakhala ndi gogo pa benchipo nkumakamba. Agogowo samuuza zochita ayi, amayamba ndi kumuthandiza kutsegula maganizo, kenako asankhe yekha vuto limodzi loti ayambe nalo, nkumulimbikitsa mpaka aime. Akaona kuti ndi zazikulu amamutumiza kwa anamwino. Chimene chimandisangalatsa ndi choti sanapite kutali kukafuna nzeru, anangotenga zimene agogo athu ankachita kale pansi pa mtengo nkuwonjezerapo maphunziro. Ashona alinso ndi sahwira, bwenzi la banja limene limaloledwa kukuuza zoona zimene abale ako akuopa kunena, ndikuona ngati ndi pafupi ndi chinjira chimene anena agogo a ku Ntcheu.

Anti a ku Leeds: Ndabwera mochedwa ndimachokera ku shifiti ya usiku. Kuno anthu kumudzi amaona ngati tili pabwino koma kusungulumwa kwake sindingakufotokozereni, mu December 4 koloko masana kwada kale, umagwira ntchito yosamalira okalamba maola 12, kubwera kunyumba kulibe wokufunsa kuti waswera bwanji, woyandikana naye nyumba zaka ziwiri dzina lake sukulidziwa. Foni ikalira kuchokera kumudzi kawirikawiri ndi fizi, feteleza kapena matenda, sindikuwada ayi mavuto alipodi, koma umafika poona ngati ndiwe thumba osati munthu. Pali mnzanga mmodzi yekha wa ku sekondale amene ali ku Kasungu, iye akadzuka 5 koloko kuphika phala la ana kuno imakhala 3 koloko usiku nthawi yozizira, ndi nthawi imene ndimapuma pang'ono ku ntchito. Amandiimbira pa WhatsApp nkuika foni pa sipika, ndimamva akukoleza mbaula, tambala akulira, ana akudzuka, nthawi zina timaimba nyimbo imodzi motsitsa mawu, nthawi zina sitiyankhula nkomwe. Sanandipemphepo ngakhale 1 kwacha zaka zonsezi. Mphindi 15 zimenezo ndi zimene zimandisunga, ndikabwerera kwa odwala anga ndimakhala ndi mtima wowagwira bwino.

Bambo a Yankho, Joni: Anti mwanena zoona zokhazokha, nkhani ya kukhala thumba ija tonse a kunja timaidziwa.

Wa banki m'khonde: Poti mwatchula ndalama ndinenepo, chimene chikupha maubwenzi ambiri panopa ndi ngongole. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zitakwera, ine ndinataya anzanga awiri, mmodzi ndinamubwereka ndalama ya bizinesi akundithawa mpaka lero ku tchalitchi amakhala mbali ina, wina anakwiya poti ndinamukana. Akuluakulu ankati chibwenzi cha nkhwangwa chokoma pokwera, ukakwera mumtengo wadula nthambi nkhwangwa umaiponya pansi. Panopa ndinaphunzira kuti mnzanga wa pamtima ndikakhala nako kanthu ndimangomupatsa kochepa koti asabweze, zobwerekana tizikachita ku banki m'khonde komwe kuli buku ndi malamulo. Chifukwa munthu amene uli naye ngongole sungamuuze za mumtima, ukamuona umaona chiwongoladzanja.

NaJere wa ku Area 25: Ine ndifunseko mbali ina. Nanga iwe amene aliyense amatula pa iwe umatula kuti? Ine ndi amene anthu amandiimbira 11 koloko usiku, wa banja lavuta, wa mwana wayamba chamba, wa amuna amwalira, ndimamvetsera onse ndipo ndimachita ndi mtima wonse, koma chaka chathachi ndinafika pouma, foni ikalira ndimachita mantha, popemphera ndimangotchula mayina a anthu ngati kaundula osamva kalikonse. Ndipo palibe amaganiza zondifunsa poti amati NaJere ndi wolimba.

Katekisiti wa ku Likuni: Amayi NaJere, pa Eksodo 17 Mose manja atalema Aroni ndi Huri anamukhazika pa mwala nkumugwirira manja wina uku wina uku mpaka dzuwa kulowa. Wolimba uja ndi amene anafunika awiri. Koma anthu sadziwa kuti manja anu alema mukapanda kunena, sankhani mmodzi mwa amene mumawathandizawo amene mukumuona kuti ndi wokhwima mumuuze kuti lero ndine ndikufuna kumvedwa. Ndipo kuzimitsa foni usiku wina si tchimo.

Make Tamanda: Asisi NaJere mawu anu andilasa chifukwa ine miyezi yonse ija sindinamufunsepo mayi wa nyemba uja kuti nanga inu muli bwanji. Ndinadzamva mochedwa kuti nthawi yomwe ankabwera kwanga amuna ake anali atachotsedwa ntchito ndipo nyemba zimene tinkasankhazo ndi zomwe ankakagulitsa kuti apeze ya minibasi yobwerera.

Wakabaza wa ku Kawale: Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa ndimaopa kulemba. Ine ndili ndi zaka 26 sukulu ndinamaliza koma ntchito sinapezeke ndiye ndimayendetsa njinga yamoto ya munthu. Anzanga a ku koleji ndinawatalikira poti ndimachita manyazi, a pa siteji timangoseka za ziii, kunyumba amandiona ngati ndine wolephera. Usiku sindigona bwino ndimangoganiza. Inu nonse mukukamba za mnzanu amene anabwera, nanga amene alibe woti abwere ayambire pati?

Bambo a Yankho, Joni: Mng'ono wanga wachita bwino kulemba, ndipo kabaza si manyazi ukudya thukuta lako. Ife amuna sitiyamba ndi kukhala pansi kuti tiye tikambe za mumtima, sizitheka, timayamba ndi kuchita chinthu limodzi. Pa siteji pakopo yang'ana mmodzi amene saseka anzake akagwa, amene njinga ya wina ikafa amaima kuthandiza, ameneyo uyambe kudya naye chipisi masana, muzikonza njinga limodzi, kaya bawo madzulo. Nkhani zenizeni zimatuluka zokha manja ali pa sipanala. Ndipo mwa anzako a ku koleji aja ndikukutsimikizira alipo wina amene nayenso akubisala ndi manyazi omwewo, tumiza meseji kwa mmodzi lero lomwe ungoti amwene ndakusowa. Nambala yanga ndakutumizira kumbali, ine ndimaweruka 5 koloko, nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzi.

Namwino wa ku Zomba: Achimwene a ku Kawale ndakulemberani kumbali, nkhani ya kusagonayo ndikufuna tikambirane bwino kuti yatenga nthawi yaitali bwanji, muyankhe mukapeza mpata.

Chisomo cha Yehova: Ndawerenga zonse kuyambira pamene ndinalemba paja. Ndikuganizabe kuti maziko ndi Mulungu koma ndavomera kuti ndinayankha mofulumira kwa Make Tamanda, pepani amayi. Achimwene a ku Kawale ine ndimakhala ku Biwi pafupi pomwepo, achimwene anga amakonza njinga zamoto ndipo ndi munthu wofatsa, ngati mungafune ndikulumikizeni.

Wakabaza wa ku Kawale: Zikomo nonse sindimayembekezera. Meseji ndatumiza kwa mnzanga wina amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji, wayankha pompano akuti ali ku Area 36 akugulitsa mayunitsi, tikumana Loweruka. Anamwino ndakuyankhani. Asisi a ku Biwi ndilumikizeni.

Make Tamanda: Achemwali a Chisomo palibe kanthu sindinakhumudwe. Ine ndikutsanzikeni kaye ndikufuna ndikagule nyemba msika usanatseke, mawa ndi Lachiwiri ndipo mayi uja amuna ake agonekedwa ku Queens sabata ino ndiye ulendo uno wopita ndi jumbo ndine. Lichero ali nalo kwawo, ine ndingonyamula chitenje.